Tionenji, za nyimbo ija ya tiyi ndi mabomba

Ku Mambwe,
Loweruka masana.

Mwana wanga Tionenji,

Ndikukulembera kalata ngakhale tikugona nyumba imodzi, chifukwa ndikayamba kulankhula iwe umayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Atate, mwayamba misonkhano yanu ya alimi." Pepala sungalidule mawu. Ndili ndekha ku ofesi kuno, anzanga onse apita ku mpira. Kalata ino ndi yachitatu. Ziwiri zoyamba ndang'amba chifukwa zinatuluka ndi manambala m'mbali ngati lipoti la mbewu.

Nkhani yake ukuidziwa. Lolemba ndi tsiku lomaliza kulembetsa ku koleji ku Lusaka, ndipo amene sakaonekera, malo ake adzapatsidwa kwa wina. Basi yoti ikakufikitse nthawi yabwino ndi ya mawa m'mawa. Koma dzulo tikudya unatiuza kuti supita. Unati ubwerera ku Nsefu, kumene wakhala masabata atatu chigwetsereni njovu nsanja yolondera munda ya amalume ako a Mabvuto n'kuwathyola mwendo. Amayi ako atakufunsa chifukwa, unaika foni patebulo n'kutiyimbira nyimbo ija imene wakhala ukuibwereza mpaka nkhuku zathu zaiphunzira:

Ketulo yawira, shuga masupuni awiri,
wailesi ikuti kwa anzathu kwagwa mabomba.
Mayi wa ana, dula buledi,
kwa anzathu kwagwa mabomba, dula buledi.

Itatha unati, "Munthu ameneyo ndi ine. Ndikakhale ku hositelo ndikupaka majarini pa buledi, amalume ali chigonere, njovu zikumaliza munda?" Yankho langa ndinalisungira pepala lino poopa kuti pakamwa ndinena zambiri. Tsono mvera, mwana wanga. Nyimbo imeneyi ndinaidziwa iwe usanaidziwe, ndipo ndinalakwitsa kuimva katatu konse. Ndikuuza zonse, ngakhale zina zikuchotsera atate ako ulemu.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kwa munthu wosamvetsera. Nyimboyi itangotuluka iwe unali giredi seveni. Ndinaimva m'minibasi pobwera ku Chipata, ndipo chimene chinalowa m'khutu langa ndi gitala ndi mawu oti buledi basi. Ndinati iyi ndi nyimbo ya munthu woyamika Mulungu chifukwa cha banja lake, mwinanso ndi yotsatsa malonda a bekale. Ndinaiika pafoni kuti izilira munthu akandiimbira. Miyezi inayi ndinayenda nayo m'thumba, ine amene ndimawerenga kawiri kapepala ka m'botolo la mankhwala a chifuwa. Tsiku lina inalira tili pamsonkhano wa mpingo, abusa atangoti tiweramitse mitu, ndipo inayambira pa mabomba penipeni. Pobwerera amayi ako anandifunsa kuti, "Atate a Tionenji, kodi mawu a nyimbo yanuyi munawamvapo?" Ndinati inde. Anati, "Tanenani." Ndinanena za ketulo ndi shuga, kenako ndinangong'ung'udza. Anaseka mpaka anatsika panjinga. Choncho apa iwe wandiposa, pakuti wamva mzere wachiwiri umene ine ndinaulumpha. Khala choncho. Nyimbo, fomu ya ku koleji, mawu a mnyamata, uzimva mpaka kumapeto usanagwedeze mutu.

Kulakwa kwachiwiri ndi kumene iwe waimapo lero, ndiye werenga pang'onopang'ono. Nditachita manyazi ndinatenga kope, ndinalemba mawu onse a nyimboyo, ndipo ndinadula mzere wofiira pansi pa mabomba paliponse. Ndinagamula kuti woyimbayu akutidzudzula ife odya pamene ena akufa. Ndinasiya shuga. Sabata yotsatira ndinasiya buledi, kenako tiyi yemwe. Nkhani za pawailesi ndinkamvera m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ndinatenga mobisa buku lako la mapu kuti ndizipeza mizinda imene ikutchulidwayo. Ukukumbukira unalisaka sabata yathunthu? Linali mu diroo yanga ku ofesi. Ndinaonda mpaka ndinaboola lamba ndi msomali. Amayi ako m'mawa uliwonse ankandifunsa akuthira tiyi wawo kuti, "Nanga lero nkhondo yatha?" Ndikati ayi, ankati, "Shuga wanu ndikukusungirani m'kachitini. Mukamva galimoto yopita kumeneko mundiuze, titumize."

Zikanathera pa lamba zikanakhala zongoseketsa. Koma mwezi womwewo alimi a ku Malama ananditumizira uthenga kuti mbozi zalowa m'chimanga. Uthengawo unafika Lachiwiri. Ine ndinapita Loweruka, chifukwa thupi linali lofooka ndipo mutu unali ku mayiko amene sindidzawapondapo. Ndinapeza masamba ali ngati sefa. Mlimi wina wachikulire, a Njobvu, anandilandira pansi pa mtengo wa msikizi.

"Alangizi, mwaswera bwanji? Tinakuitanani Lachiwiri."

"Ndinali ndi maganizo, bambo."

"Maganizo ake a mbozi?"

"Ayi, a nkhondo."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. "Nkhondoyo mwaigonjetsa?"

Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Chaka chimenecho mabanja angapo kumeneko anakolola zochepa kuposa zimene akanakolola ndikanafika Lachitatu. Anthu a ku mabomba aja sanalandire kalikonse kuchokera ku njala yanga, koma a ku Malama anataya chimanga chifukwa cha iyo. Ndikukuuza zimenezi, Tionenji, chifukwa chisoni chimanyenga. Munthu ukadzimana umamva ngati wagwira ntchito, chonsecho palibe amene wathandizidwa. Ndinabwerera kunyumba tsiku limenelo n'kupempha kachitini kanga. Amayi ako anandipatsa, shuga yense uja alimo.

Kulakwa kwachitatu ndi kumene anthu a ku Malama amandiseka nako mpaka lero. Chaka chotsatira tinali ndi tsiku la chionetsero cha zaulimi m'munda wa Amayi Rozina, mlimi wathu wotsogolera kumeneko. Unawaonapo, aja aafupi amene anatibweretsera dzungu lalikulu ngati ng'oma. Amayi amenewa anabadwira ku Mozambiki. Anathawa nkhondo ali kamtsikana pamodzi ndi amayi awo, atate awo anatsala komweko ndipo sanawaonenso. Anakulira kumtunda, kenako anakwatiwa kuno kuchigwa. Mbiri imeneyi ndinkaidziwa, ndipo ndinkaisunga mumtima ngati dzira.

Pulogalamu ya tsikulo ndinailemba ndekha, chilichonse ndi mphindi zake. Titamaliza kuyendera mizere, wapampando wa kopaletivu anayatsa sipika yake ya batire kuti anthu avineko podikira chakudya. Nyimbo yoyamba inadutsa bwino. Yachiwiri ndinangomva gitala uja, ndinaizindikira nthawi yomweyo. Ndinati mayiyu amva za mabomba pamaso pa anthu onsewa, m'munda mwake momwe, tsiku lake lachisangalalo. Ndinathamanga kudumpha mizere ya chimanga nditanyamula fayilo, ndinakodwa mu ziyangoyango za maungu, ndinagwa, ndinadzuka, ndinafika n'kuzula waya.

Kunangoti zii. Nditatembenuka ndinaona bwalo la amayi, ndipo pakati penipeni panali Amayi Rozina, chitenje chili m'chiuno, mwendo umodzi udakali m'mwamba.

"Wazimitsa ndani?"

"Ndine, amayi. Ndimaganizira inu."

"Mumaganizira ine, ndiye mwandidula ndili pakati? Alangizi, mphindi zanu zatha kodi?"

Anthu anaseka. Ine ndinasendera pafupi n'kunong'ona kuti mawu a nyimboyi angawakumbutse zakale. Iwo sananong'one.

"Zakalezo muganiza ndimadikira sipika kuti ndizikumbuke? Tamverani. Ife pothawa sitinkasaka anthu otilirira. Olira tinali nawo okwanira m'gulu lathu lomwelo. Tinkayang'ana kumene kukufuka utsi wophikira. Titawoloka malire tinafika pakhomo pena m'mawa, tinapeza mayi ali pakhonde akumwa tiyi ndi mbatata, wailesi ili pambali. Nkhondo yathu ankaimvera pa wailesi imeneyo. Sanatifunse zambiri. Anangowonjezera madzi m'poto n'kuitana mwana wake kuti akakumbe mbatata zina. Akanakhala kuti nayenso anasiya kuphika chifukwa chotimvera chisoni, ife tikanadya chiyani?"

Ndinafunsa kuti, "Ndiye nyimboyi siimakupwetekani?"

"Imapweteka. Nanga mufuna ndizivina nyimbo ya feteleza? Lumikizani waya, mutichedwetsa."

Ndinalumikiza. Anandikokera m'bwalo ndi fayilo yanga yomwe, ndipo kavinidwe kanga ka tsiku limenelo ndi kamene ana a ku Malama amatsanzira akandiona ndikubwera.

Tsono funso lako ndi lakuti woyimbayo amatanthauza chiyani. Sindinakumanepo naye, ndipo ndasiya kulumbira pa zimene zili mumtima mwa munthu wina. Koma taona zimene munthu wa m'nyimboyo akuchita. Wailesi sanaizimitse. Akanatha kusintha siteshoni n'kumvera mpira, koma akubwereza yekha kuti kwa anzathu kwagwa mabomba, ndipo akuwatchula kuti anzathu. Tiyinso sanamutaye. Zonse ziwiri wazigwira, ndipo n'chifukwa chake nyimboyo imakoma kuvina komanso imabaya. Ukanena kuti ikutidzudzula, sindikutsutsa, theka lake ndi lomwelo. Koma palibe pamene ikuti leka kudya, palibe pamene ikuti usapite ku sukulu. Ndayang'ananso m'kope muja lero m'mawa kuti nditsimikize. Inde, ndikadali nalo.

Lachinayi, iwe utanyamuka ku Nsefu kubwera kuno, ine ndinapitako kukayeza minda imene njovu zawononga. Tinaphonyana panjira chifukwa ndinatitimira m'matope kawiri. Amalume ako ndinawapeza pakhonde, mwendo wa chikhakha uli pampando, akusoka ukonde. Nthawi imeneyo n'kuti usanatiuze ife za maganizo akowa, koma iwo anali atakuona kale.

"Alamu, mwana wanu uja akufuna kukhala nesi wanga mpaka liti?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ndi mwana wabwino, koma akundinenepetsa. Ndikatsokomola wafika ndi madzi. Ndikatembenuka wafika ndi pilo. Usiku wina anati akalonde kumunda, ndinamuuza kuti njovu sifunsa satifiketi ya giredi thwelofu. Mumuuze apite. Ine ndauza kale mudzi wonse kuti mwana wa mlongo wanga akukaphunzira uphunzitsi wa masamu ku Lusaka. Akatsala, anthu adzati Mabvuto anathyoka mwendo ndiponso ndi wabodza."

Akazi awo anayankha ali kuseri kuti, "Zaubodzazo anayamba kale kunena." Amalume ako anati, "Mwamva, alamu? Odwala sapatsidwa ulemu pakhomo pano." Ndinawafunsa mwapadera, akazi awo atapita kukatunga madzi, ngati akunena zoona kapena akungolimba mtima. Anasiya ukonde. Anati chimene chikuwasowetsa tulo si mwendo, koma theka la munda limene latsala, chifukwa chimanga chayamba kukhwima ndipo palibe mwamuna wokakhala pansanja. Pamenepo ndiye pali vuto lenileni, mwana wanga, ndipo si vuto loti iwe ulithetse ndi malo ako a ku koleji.

Sindikunamiza kuti masamu adzathamangitsa njovu. Sadzatero. Sindikunenanso kuti upite kuti udzatipulumutse, katundu ameneyo ndi wolemera kwa mwana wa zaka zako. Upite chifukwa unakhoza, chifukwa kuyambira uli wamng'ono unkawerengera anzako mabelo a thonje mwamsanga kuposa sikelo, ndiponso chifukwa banja limafunika kukhala ndi khomo lina kumene moto ukuyaka. Tonse tikaunjikana pamalo amodzi pamene pagwa tsoka, tidzasowa kothawira.

Chimene ine ndikuopa ndi china, ndipo ukudziwa kuti pa kuopa palibe wondiposa m'boma lino. Sindikuopa kuti ukadya buledi. Ndikuopa tsiku limene Nsefu idzasanduke nkhani ya pawailesi kwa iwe. Kumeneko anzako adzakuonetsa zithunzi za njovu pafoni n'kumati, kwanu n'kokongola bwanji. Mwezi woyamba udzakwiya. Wachitatu udzangoseka. Chaka chikatha ungadzamve kuti mtsinje wa Luangwa wasefukira n'kunena kuti pepani, kenako n'kupitiriza kupaka majarini. Pamenepo ndiye nyimbo ija idzakhale ikunena iwe. Kuiwala sikubwera ndi phokoso, kumalowa ngati chiswe.

Choncho uziimba foni Lamlungu lililonse mukatuluka m'tchalitchi, ndipo usamafunse kuti muli bwanji basi, chifukwa ife a kuno timayankha kuti tili bwino ngakhale madzi ali m'mawondo. Uzifunsa kuti amalume aponda pansi kodi, chimanga chalowa m'nkhokwe chingati, msewu wa ku Malama ukudutsika. Amayi ako akayamba kuzungulira, uziti ndipatseni atate, ine ndidzakuuza zonse ndi zina zimene sunafunse. Nkhani za kunja uzimvera kamodzi patsiku, osati katatu. Ukapeza ku hositelo mnzako amene kwawo kuli kutali kapena kosabwererako, usamuyang'ane ndi nkhope ya maliro ngati mmene ine ndinachitira ndi Amayi Rozina. Umuitane adye nawe, ndipo akafuna kuvina usamuzulire waya.

Udye, Tionenji. Ndikubwereza chifukwa ndiwe mwana wanga ndipo matendawa unatengera kwa ine. Udye m'mawa, udye masana. Ukaseka usadzimve ngati waba.

Zina zing'onozing'ono. Mapepala ako onse ali mu envulopu ya khaki, makope atatu, ndipo envulopuyo ili m'pulasitiki chifukwa cha mvula. Kope limodzi uike m'chikwama cham'manja, lina m'sutikesi, lachitatu latsala kuno. Neti ya udzudzu ndaikamo ngakhale amayi ako akuti ku Lusaka kulibe udzudzu ngati wa kuno. Udzudzu ndi udzudzu. Juzi ili pamwamba, chifukwa iwe wakulira m'ng'anjo muno ndipo kumtunda kuja kukakuzizira ngakhale anzako akuti kwatentha. M'basi usakhale mpando wakumbuyo, ndiponso usalandire chakumwa chotsegula kale. A Chibemba akayamba kukuseka kuti ndiwe wodya mbewa, usalire, ndi chimbuya chathu chimenecho, ubale wa nthabwala. Iwo timawaseka kuti amadya anyani, ndiye uwafunse kuti atsala angati kwawo, mudzagwirizana.

Tsopano nkhani imene sindinauze aliyense kupatula amayi ako ndi amalume ako. Dzulo m'mawa, usanatiuze n'komwe, ndinasainitsa tchuthi changa cha mwezi wathunthu, chimene ndakhala ndikuchisunga zaka zitatu poopa kuti ofesi ingagwe ine kulibe. Lachiwiri ndikupita ku Nsefu. Ndikamanganso nsanja pamodzi ndi anansi awo a amalume ako, ndikakonza mpanda wothamangitsa njovu wa nsanza za tsabola ndi oyilo umene ndakhala ndikuphunzitsa alimi zaka zonsezi osaugonera pafupi ngakhale kamodzi, ndipo ndikalonda mundawo mpaka chimanga chilowe m'nkhokwe. Ine, amene ndimakuitana kuti udzachotse nalimata m'bafa. Nditawauza amalume ako pafoni anaseka mpaka mwendo unawapweteka. Anati, "Alamu, mukabwere ndi fayilo ija, mwina njovu zikaona mukulemba mayina zidzathawa." Ndagula tochi ziwiri, mabatire, wisulo ndi nsapato za mphira. Ndafunsanso alonda a zanyama zimene munthu ayenera kuchita ndi zimene sayenera kuchita, ndipo ndazilemba. Ndikuopa kwambiri, sindikubisira. Koma mantha amenewa ali ndi ntchito, si ngati aja a shuga.

Ndiye ukaganiza zobwerera ku Nsefu, udziwe kuti malo ako kumeneko atengedwa kale. Mphasa ndi imodzi, ndipo ine ndimachita mkonono.

Sindikukakamiza. Wakula, ndipo ukasankha kutsala ndidzakhala chete, kapena kunena zoona ndidzayesa. Basi imanyamuka pa siteji ziro sikisi m'mawa. Ine ndidzakhala panja ndi njinga kuyambira ziro faifi, matayala ndapopa kale, ndipo chingwe chomangira sutikesi ndachiyesa ndi thumba la chimanga. Ukatuluka, usandiuze kalikonse, ungondipatsa sutikesiyo ndimange. Ndipo pokwera basi usacheuke kawiri, chifukwa ndikayamba kukupatsa malangizo ena pawindo, dalaivala adzakusiya.

Ndine atate ako,
amene adzayamba kudikira foni ya Lamlungu basi isanafike pa Chipata.